Chiphaso cha Anthu Asanu

Lolemba, 4 Meyi

Kalata ya a khonsolo yandipeza kusukulu. Ndinaiwerenga nditaibisa m'kati mwa buku la masamu, ngati mwana wobera mayeso. Woyendera nyumba adzabwera pa 26 mwezi uno, 10 koloko m'mawa. Mwini nyumba adzakhalepo yekha, chitupa chili m'manja. Mzere umenewo ndauwerenga kanayi. Sunasinthe.

Chiphaso cha nyumba yanga ndi cha anthu asanu. Chimbudzi chimodzi, bafa limodzi, anthu asanu. Akapitirira pamenepo pamafunika chimbudzi chachiwiri, khomo lina lotulukira kuseri, ndi chiphaso chatsopano. Ndimazidziwa pamtima. Ndinaziwerenga ndisanagule, masamba makumi atatu, cholembera chofiira chili m'manja.

Tiwerenge. A Makaniko ndi akazi awo, awiri. Anesi, atatu. A Telala, anayi. Ine, m'kachipinda kakumapeto komwe eni ake akale ankasungiramo penti, asanu. Ndendende.

Vuto si nambala. Vuto ndi lakuti anayiwo sadziwa kuti nyumbayi ndi yanga.

Miyezi isanu ndi itatu tsopano. Ngakhale kulemba m'buku langa lomwe, nkhope ikutentha.

Lachitatu, 6 Meyi

Sindinakonze zonama. Ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake.

Pulani inali yabwino. Kugula nyumba, kuikamo anthu chipinda chilichonse, lendi yawo izibweza ngongole ya kubanki, ine ndizikhalabe kufulati kwanga. Ndinawerengera zonse: mtengo wa nyumba, loya, msonkho wosinthira dzina, inshulansi, chiphaso, zozimitsira moto ziwiri. Denga lokha sindinakwerepo. Mvula yoyamba inatsika m'kolido ngati mpopi. Malata atsopano anadya ndalama zonse zapadera. Fulati ndinaisiya mwakachetechete. Akulu anga sindinawauze. Iwo anali atandichenjeza kale: "Iwe, nyumba ya lendi si masamu ako a pa bolodi."

Tsiku limene a Makaniko anabwera kudzaona chipinda, anandipeza nditagwada ndikukwecha simenti, diresi lakale, mpango kumutu. Anati, "Anzathu, inunso mwagwa m'manja mwa mbava yomweyi?" Ndinaseka. Ndinati eya.

Mawu amodzi. Ena onse anangomera pamenepo.

Ndinagula foni yachiwiri. Lendi amatumiza kumeneko, madandaulo kumeneko. Imakhala m'sutikesi pansi pa bedi. Popeza mwini nyumba sanaonekepo, anamupatsa dzina: a Mzukwa.

Malamulo a a Mzukwa ali pa chitseko cha khitchini, okwana khumi, asanu ndi anayi, okutidwa ndi pulasitiki. Akazi a Makaniko amawawerenga m'mphuno akamaphika. "Lamulo la 12: mapoto asagone m'sinki. Agone kuti nanga, a Mzukwa? Tiwayalire bedi?" Timaseka tonse. Inenso. Lamulo limenelo ndinalikonza katatu kuti limveke mwaulemu.

Loweruka, 9 Meyi

A Telala abwera ndi akazi awo.

Sitinkadziwa zambiri. Tinkangodziwa kuti mayiwo akudwala, ndipo amakhala kwa mwana wawo wamkazi. Ndi sitiroko. Mbali yakumanja yonse inafa, mawu anapita. Mkamwini watopa, wanena kuti nyumba yake si chipatala.

Galimoto inaima pageti masana. A Makaniko anawabereka kumsana mpaka kuchipinda, akuti, "Mayi, ine ndimanyamula injini, inu ndinu nthenga chabe." Mayi anaseka ndi theka la nkhope. Anesi anathamanga ndi mapilo awo. Akazi a Makaniko anateleka madzi.

Ine ndinanyamula chikwama cha mankhwala. Ndipo m'mutu mwanga, pamene aliyense ankathandiza, ndinkawerenga. Asanu ndi mmodzi.

Lamulo la 7: mlendo asapitirire masiku atatu. A Telala anaima patsogolo pake madzulo, magalasi pamphuno. Analiwerenga, n'kubwerera kuchipinda kwawo.

Lamlungu, 10 Meyi

Ndaimbira mmisiri nditaima kumsewu, kutali ndi geti. Chimbudzi chachiwiri ndi khomo lakuseri: malipiro anga a miyezi inayi, osadyapo kanthu. Komanso pulani iyenera kuvomerezedwa kaye kukhonsolo, miyezi iwiri ngati zayenda bwino. Ine ndatsala ndi masiku khumi, asanu ndi limodzi.

Akapeza anthu asanu ndi mmodzi: chindapusa, chiphaso kulandidwa, onse kutuluka. Popanda chiphaso inshulansi siigwira. Popanda lendi banki itenga nyumba. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za choko.

Ndalemba njira zonse pa pepala, m'mizere. Zonse zikuthera pa chipinda cha a Telala.

Mutu. Panado awiri.

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndatumiza. Pa nthawi yopuma, nditadzitsekera m'chimbudzi cha aphunzitsi.

"Bambo, pa 26 kudzabwera a khonsolo. Nyumbayi imaloledwa anthu asanu okha. Chonde mlendo wanu akhale atachoka pofika pa 25, apo ayi chipindacho ndidzachifuna. Onani Lamulo la 7. Zikomo."

Mawu akuti chonde ndinawachotsa, ndinawabwezera, ndinawachotsanso, ndinawabwezera. Ngati kuti vuto linali pamenepo.

Pofika kunyumba makina osokera anali zii. Tsiku lililonse ndimawamvera pageti. Onse anali m'khitchini. Anesi anawerenga uthengawo mokweza, foni ya a Telala ili m'manja. A Makaniko anati, "Ameneyu tsiku limene ndidzamuone ndidzamumasula mano ndi sipanala, limodzi limodzi." Akazi awo anati, "Koma munthu ameneyu anabadwa kwa mayi?"

Ine ndinali pasinki, ndikutsuka kapu. Kapu imodzi yomweyo, mwina mphindi khumi.

Anesi anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mukuti bwanji?" Ndinati mwina naye ali ndi mavuto ake. Anandiyang'ana ngati ndalavulira m'chakudya. Ndiye ndinawonjezera kuti komabe ndi nkhanza.

A Telala okha sanatukwane. Anangoti, "Nyumba ndi yawo."

Lachinayi, 14 Meyi

Ndikanakonda tsikuli likanadumphidwa.

Cha m'ma 5 a Telala anagogoda, chipewa chili m'manja. "Aphunzitsi, inu ndi amene munapita patali ndi sukulu. Tilembereni kalata kwa eni nyumba. Ine ndikalemba ndekha adzangoseka."

M'kachipinda kanga mulibe mpando wachiwiri. Anakhala pabedi. Iwo ankanena, ine ndikulemba. Kuti akhala m'banja zaka makumi anayi ndi chimodzi. Kuti lendi sanachedwetsepo. "Mulembenso kuti sadya zambiri, ndipo madzi sawononga. Timawasambitsa ndi ndowa imodzi." Pamenepo cholembera chinaima. Anaganiza kuti ndikufuna mawu abwino. Anadikira.

Ndinailemba bwino. Ichi ndi chimene chikundinyansa. Ndime zitatu, mawu oyamba aulemu, pempho lomveka pamapeto. Ndikanakhala ndikuchonga ndikanapereka mamalikisi onse.

Onse anasaina. Inenso ndinasaina, wachisanu. Mayi tinawapaka inki ya cholembera changa chofiira pa chala chamanzere n'kudinda.

Keyala ya a Mzukwa palibe amene ali nayo, choncho Anesi anajambula kalatayo ndi foni n'kutumiza, titaimirira m'chipinda changa chomwecho. Pansi pa bedi, m'sutikesi, panamveka kunjenjemera. Ndinatsokomola. Ndinatsokomola mpaka Anesi anandiuza kuti ndikayezetse chifuwa.

A Telala atenga siketi yanga yabuluu kuti akaipinde m'munsi, chifukwa ulusi unayamba kumasuka. Akuti ndiye malipiro a kalata. Ndinakana. Sanamve.

Loweruka, 16 Meyi

Anesi anali kuntchito, ndiye ndathandiza akazi a Makaniko kusambitsa Mayi. Pamafunika anthu awiri: wina kugwira m'khwapa, wina kutsanulira madzi. Ndi olemera kuposa mmene amaonekera. Titawaveka, anakweza dzanja labwinolo n'kundikonza kolala ya bulauzi. Inali itapindika. Anaisalaza kawiri.

Masana a Makaniko anabwera ndi nzeru. Tsiku la a khonsolo adzabweretsa galimoto ya kasitomala, tidzaikemo Mayi, azizungulira nawo mpaka woyendera atapita. Zovala zawo tidzabise m'chipinda changa.

Ndilembe zoona. Ndinaikonda nzeruyo. Ndinali nditayamba kale kuwerengera: kuwanyamula mphindi zisanu, kuchotsa mapilo ndi mankhwala mphindi khumi. Ndinatsala pang'ono kutenga pepala.

A Telala anati, motsitsa mawu, "Mkazi wanga si katundu wakuba." Nkhani inathera pomwepo.

A Mzukwa sanayankhe kalata. Akazi a Makaniko akuti mwina sadziwa kuwerenga, malamulo aja anamulembera wina.

Lachitatu, 20 Meyi

A Telala akhala akuyenda masiku atatu kufuna chipinda. China chili pamwamba, masitepe makumi awiri. China chimbudzi chake chili kuseri kwa mpanda. Chimene chingatheke akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi.

Lero m'mawa ndaona kapepala pageti, zilembo zawo zopendama: MAKINA OSOKERA OGULITSA.

Siketi yanga ndinaipeza pa chitseko, yosita, yopindidwa bwino. Ndi ntchito yomaliza ya makinawo, kapena pafupifupi.

M'kalasi ndinalakwitsa samu yophweka pa bolodi. Ana anakuwa. Ndinaima ndi chofufutira m'manja, ndipo sindikudziwa chifukwa chake, koma pomwepo ndinaona. Sikisi kuchotsapo wani. Palibe pamene chiphaso chikunena kuti wochotsedwayo akhale ndani. Chimangoti anthu ogona m'nyumbamo.

Masiku khumi ndi limodzi ndakhala ndikulemba njira m'mizere. Dzina langa sindinaliike pa mzere uliwonse. Osati chifukwa ndinaganiza n'kukana ayi. Sindinaganize n'komwe. Ndinkadziwerenga ngati khoma.

Mphunzitsi wa masamu, wa digiri.

Koma kopita. Fulati sindingakwanitse. Kwatsala kumodzi kokha, ndipo kumeneko ndiyenera kukafotokoza zonse kuyambira denga.

Kapepala kaja ndakachotsa pageti. Ndauza a Telala kuti ndi mphepo.

Loweruka, 23 Meyi

Kwa akulu anga. Mabasi awiri.

Ndinayeseza mawu njira yonse, koma nditafika ndinangotaya zonse pakamodzi, iwo akuyanika zovala. Anaseka mpaka anakhala pa ndowa. "Ndiye iwe wakhala ukugona m'chipinda cha penti, m'nyumba yako yomwe, ukudzitukwana wekha ndi anthu ako a lendi?" Ndinati eya. "N'kudzilembera kalata?" Eya. "Nanga unadziyankha?"

Kenako anasiya kuseka. Anandifunsa za Mayi, kuti akudya bwanji, akugona pa chiyani. Anati, "Uthenga uja unatumizadi? Iwe mwana wa mayi anga?" Kuseka kuja kunali kwabwino kuposa funso ili.

Zakuti anandichenjeza sanatchule ngakhale kamodzi. Ndinkaziyembekezera. Zikanandipepukira.

Chipinda chapadera palibe. Pali sofa ya pabalaza, ndiziyala ana akagona, ndizipinda asanadzuke. Mabuku anga akhale pamwamba pa kabati. Alamu anamvetsera zonse, kenako anati bola ndizithandiza ana homuweki. Kuti ndifike kusukulu nthawi yabwino ndizinyamuka 5 koloko.

Akulu anga pondiperekeza: "Ukawauze wekha, lisanafike Lachiwiri. Usadikire kuti akamve kwa mlendo."

Ndinalonjeza.

Lolemba, 25 Meyi

Sindinawauze.

M'mawa a Mzukwa anatumiza uthenga kwa a Telala: "Mayi akhale. Nkhani ya nambala yakonzedwa." A Telala anauwerenga kawiri, n'kukawerengeranso Mayi. M'khitchini munali chisangalalo. Anesi akuti kalata yanga ndi imene yagwira ntchito, ndisiye choko ndikhale loya.

Madzulo galimoto ya alamu inabwera kudzatenga katundu wanga. Sutikesi, mabuku, matiresi, ketulo. Ndinati ndikusamukira kwa akulu anga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipitirize.

A Makaniko anandidula. "Wakuthamangitsani! Wadziwa kuti kalata ija munalemba ndinu. Nambala yakonzedwa, eti? Wakonza ndi inu!" Onse anagwirizana nazo pomwepo. Akazi awo anayamba kulira. A Telala anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Aphunzitsi, takupalamulitsani. Mutikhululukire."

Iwo kupepesa kwa ine.

Ndinati si choncho. Anati ndisamuikire kumbuyo. Ndinati ndikufuna kunena kanthu. Anati ndisadandaule, mawa akubwera yekha, adzamuona. A Makaniko apempha tchuthi kugalaja. Anesi asinthana ndi mnzawo.

Akazi a Makaniko andipatsa poto wawo wamng'ono, wa chivundikiro chagalasi, amene ndinkabwereka nthawi zonse. Ndinalandira. Ndinalandiradi.

Sofa ndi yaifupi. Mapazi akulendewera.

Lachiwiri, 26 Meyi

Zatha.

Ndinafika 9:40, suti yakusukulu, fayilo m'khwapa. Onse anali pakhonde, a Makaniko atavala shati yoyera. Mayi anawakhazika pa mpando pafupi ndi khomo. "Aphunzitsi! Mwabwera kudzamuona nanu? Khalani apa, pakuoneka bwino geti." Anandipatsa mpando. Ndinakhala. Mphindi makumi awiri tikuyang'ana geti limodzi, kudikira ine.

Woyendera anali mayi wachitsikana, tepi yoyezera m'chiuno. Anapereka moni, n'kufunsa kuti eni nyumba ndi ati. A Makaniko anati sanafike, mizukwa siyenda masana.

Ndinakweza dzanja. Ngati mwana m'kalasi.

Akazi a Makaniko anaseka, poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ndinatulutsa chitupa. Woyendera anachiyerekeza ndi mapepala ake, n'kuwerenga dzina langa lonse mokweza. Kuseka kunazima.

Tinazungulira nyumba, iye patsogolo, ine pambuyo. Anayeza zipinda, anatsegula mipopi, anawerenga mabedi. Ogona muno ndi angati? Asanu. Inu mumakhala kuti? Kwa akulu anga. Zonse zoona, koyamba m'miyezi isanu ndi itatu. Chozimitsira moto chimodzi chitha ntchito mu Ogasiti, ndisinthe. Atafika kukachipinda kanga anayeza zenera n'kupukusa mutu. "Muno musadzagonekemo munthu, mayi. Ndi mosungira katundu." Ndinati ndamva.

Anasaina. Chiphaso chilipo kwa chaka china.

Atapita ndinatsala pakhonde ndi fayilo yanga. Ndinali nditakonza mawu. Ndinafika pa denga, pa malata. Palibe amene ankafuna kumva za malata.

A Makaniko analowa m'nyumba, anatuluka atavala ovolosi, anadutsa osandiyang'ana. Sipanala ija sanaitchule. Bola akanaitchula.

Anesi anati, "Tsiku lija mumatsuka kapu lija, uthenga munali mutatumiza kale?" Ndinati eya. "Ndipo chifuwa chija?" Ndinangoyang'ana pansi.

Akazi a Makaniko: "Poto wanga mubweze."

 A Telala anaimirira, anavula chipewa, anawerama pang'ono. "Zikomo, bwana, potilola kukhala."

Bwana. Miyezi yonseyi ndinali Aphunzitsi.

Mayi okha ndi amene anandiyang'ana m'maso. Sindikudziwa zimene anamva, ndi zimene sanamve.

Lachitatu, 3 Juni

Sabata yathunthu osalemba. Kudzuka 4:30, kupinda zofunda, mabasi awiri. Msana. Ana a akulu anga amanditcha a lendi a pasofa. Mayi awo ndi amene anawaphunzitsa.

Lendi yalowa yonse pa 1, ya zipinda zitatu, yosaperewera. Popanda mawu alionse. Kale a Makaniko ankalemba pansi pake kuti "idyani, a Mzukwa." Mwezi uno nambala zokha.

Poto ndinatumiza ndi alamu. Akuti anangolandira pageti.

Ndalemba makalata atatu opepesa. Onse ndang'amba. Akutuluka bwino kwambiri, ndime zitatu, mawu oyamba aulemu. Anthu aja akudziwa kale kuti ndimatha kulemba kalata.

Kachipinda kaja kangokhala. Sikangabweretse lendi, sikangagonedwe. Ndaganiza zouza a Telala kuti aikemo makina, Mayi apeze malo m'chipinda. Koma zikachokera kwa ine tsopano zikhala chifundo cha bwana. Mwina ndingosiya chitseko chosakhoma.

Lachisanu, 5 Juni

Mauthenga awiri ochokera kwa Anesi, motsatizana.

Woyamba pa foni ya a Mzukwa: "Kwa eni nyumba. Mpopi wa m'bafa ukudontha kuyambira Lolemba. Chonde tumizani pulambala. Komanso Lamulo la 7 likadali pa chitseko."

Wachiwiri pa foni yanga: "Mawa ndili kuntchito. Akazi a Makaniko sangawanyamule okha Mayi. Sindikunena kuti mubwere. Ndikungonena."

Pulambala ndamuimbira, adzapita Lolemba. Wachiwiriwo ndauwerenga kasanu ndi kawiri. Ndinafunsa akulu anga tanthauzo lake. Anati, "Digiri yonseyo? Tenga diresi lakale, upite."

Nanga akandibweza pageti? Anati ndiye ndidzabwerera, basi ndi yomweyo.

Loweruka, 6 Juni

Ndikulemba nditakhala pa benchi ya pa siteji ya basi, kutsidya kwa msewu. Ndafika 8 koloko. Tsopano ndi 8:35. Mayi amasamba 9.

Makina akumveka mpaka kuno. Pa chingwe pali mashiti awiri ndi ovolosi. Chitseko cha khitchini ndi chotsegula.

M'chikwama: diresi lakale, sopo, thaulo. Mawu sindinakonze. Ndayesa, akungotuluka a malata.

Makiyi a geti ndili nawo, ndi anga. Sindiwatulutsa. Ndikagogoda, ndidikire.

Akazi a Makaniko atuluka ndi ndowa. Andiona. Aima, dzanja m'chiuno. Sakumwetulira. Sakulowanso.

Akuloza dzuwa, kuti nthawi yakwana.